Makilomita 246 a Pakati pa Lumbadzi ndi Chileka: Komwe Nthawi ya Ulendo wa Pandege Imathera

Mtunda wochokera pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi kukafika pa bwalo la Chileka ku Blantyre, ukayezedwa moongoka mumlengalenga, ndi makilomita pafupifupi 246, ndipo ndege ya mtundu wa Dash 8 Q400, yomwe imatha kuthamanga makilomita 667 pa ola, ikadati izithamanga liwiro limeneli kuyambira ponyamuka mpaka potera, bwenzi ulendowu ukutha m'mphindi 22 zokha. Komabe nthawi yomwe imalembedwa pa tikiti imakhala mphindi 40 mpaka 50, pomwe munthu wochoka pakhomo pake ku Lilongwe kupita ku msonkhano mkati mwa mzinda wa Blantyre amapeza kuti maola atatu amuthera m'njira. Manambala atatuwa onse ndi oona, kungoti iliyonse imayeza chinthu chake, ndipo pa ulendo waufupi ngati umenewu kusiyana kwake kumakula kwambiri kotero kuti liwiro la ndege, lomwe ambiri amaliyesa mutu wa nkhani, limasanduka kachigawo kakang'ono chabe ka nkhaniyo.

Bwalo la Kamuzu lili makilomita pafupifupi 25 kumpoto kwa mzinda wa Lilongwe, ndipo lidatsegulidwa mu 1983, patadutsa zaka zisanu ndi zitatu chisamukire likulu la dziko kuchoka ku Zomba mu 1975. La Chileka, lomwe lili makilomita ngati 16 kumpoto chakumadzulo kwa Blantyre, ndi lakale, ndipo ndi lomwe lidali khomo lalikulu la dziko lino kwa zaka zambiri, moti Dr Hastings Kamuzu Banda pobwerera kwawo pa 6 July 1958 adatera pamenepo. Pa kapepala komata pa chikwama, mabwalo awiriwa amalembedwa ndi zilembo zitatuzitatu, LLW ndi BLZ, zomwe zimaperekedwa ndi bungwe la makampani a ndege la IATA. Pakati pa mabwalowa pamayenda ndege za kampani ya Malawi Airlines, yomwe idayamba maulendo ake mu 2014 kampani ya Air Malawi itatha, ndipo eni ake ndi boma la Malawi, lomwe lili ndi magawo 51 pa 100 aliwonse, pamodzi ndi Ethiopian Airlines, yomwe ili ndi magawo 49.

Kuyeza mtunda wa mumlengalenga sikulira chingwe kapena galimoto, kumangolira kudziwa pomwe bwalo lililonse lili pa dziko lapansi. Akatswiri a mapu adagawa dziko ndi mizere yongoganizira, ina yopingasa, yotchedwa latitudi, yomwe imaonetsa kutalika kwa malo kuchokera pa ikweta, mzere uja wodula dziko pakati, ndipo ina yoimirira, yotchedwa longitudi, yomwe imaonetsa kutalika kwa malo chakum'mawa kapena chakumadzulo kwa Greenwich ku London. Mizereyi amaiwerenga m'madigiri, ndipo digiri iliyonse amaigawanso m'timagawo 60 totchedwa maminiti, tomwe sitikhudzana ndi mphindi za pa wotchi ngakhale kuti dzina limafanana. Bwalo la Kamuzu lili pa madigiri 13 ndi maminiti 47 kumwera kwa ikweta, pomwe la Chileka lili pa madigiri 15 ndi maminiti 41, kutanthauza kuti amasiyana ndi maminiti 114. Apa ndi pomwe pamaonekera nzeru ya muyezo womwe oyendetsa ndege adatengera kwa amalinyero, wotchedwa mailosi ya panyanja, popeza mailosi imodzi yotere idapangidwa kuti ifanane ndi miniti imodzi ya latitudi, ndipo pa msonkhano womwe udachitikira ku Monaco mu 1929 maiko adagwirizana kuti ikhale mamita 1,852. Choncho maminiti 114 aja ndi mamailosi a panyanja 114, omwe ndi makilomita pafupifupi 210 kulowera kumwera. Chileka ilinso makilomita ngati 128 chakum'mawa kwa Lumbadzi, ndipo wophunzira wa ku sekondale yemwe akukumbukira lamulo la Pythagoras akhoza kuphatikiza manambala awiriwa papepala n'kupeza 246, kapena kuti mamailosi a panyanja 133. Liwiro nalonso oyendetsa ndege amalitchula m'muyezo womwewu, ndipo mailosi imodzi ya panyanja pa ola amaitcha knot.

Masamu a Pythagoras akugwira ntchito pano chifukwa choti mtundawu ndi waufupi kwambiri moti kubulungira kwa dziko sikusintha kanthu kooneka. Pa maulendo aatali zinthu zimasintha, popeza njira yachidule pa chinthu chobulungira ngati mpira ndi yomwe ulusi ungadutse utakokedwa mwamphamvu pakati pa malo awiriwo, ndipo njira yotereyi ikajambulidwa pa mapu a pepala imaoneka yokhota. N'chifukwa chake ndege yochoka ku London kupita ku Los Angeles imakadzera cha ku Greenland, komwe woyang'ana mapu apakhoma angaganize kuti yasochera.

Mzere woongoka wa pakati pa Lumbadzi ndi Chileka uli ndi chake chodabwitsa, chomwe n'choti sukhala m'Malawi ulendo wonse. Ukachoka ku Lumbadzi umalunjika kumwera chakum'mawa, n'kudutsa kumadzulo kwa phiri la Dedza, kenako n'kulowa m'dziko la Mozambique, m'dera la Angónia m'chigawo cha Tete, pamwamba pa midzi ya anthu olankhula Chichewa chomwechi, usadabwererenso m'Malawi cha ku mapiri a Kirk Range ndi kuoloka mtsinje wa Shire chakufupi ndi Zalewa ndi Nkula. Msewu wa M1 sungachite zimenezi, umakakamizika kutsata malire a maiko awiriwa kudzera ku Dedza, Lizulu ndi Ntcheu, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe mtunda wa pamsewu umafikira makilomita pafupifupi 310. Komatu nayo ndege siyenda paliponse pomwe yafuna, chifukwa mumlengalenga muli njira zodziwika, zokhala ndi malo oikika omwe ndege iyenera kudutsamo, ndipo oyang'anira kayendedwe ka ndege, omwe amalankhula ndi woyendetsa pa wailesi, ndiwo amavomereza njira ya tsikulo. Motero mtunda womwe ndege imauluka umakhala wotalikirapo kuposa 246 uja, ndipo nambalayi iyenera kumvedwa ngati mtunda wochepetsetsa womwe ungatheke.

Nthawi ya pa tikiti, yomwe a m'makampani a ndege amaitcha block time, imayamba kuwerengedwa ndege isadanyamuke n'komwe. Ndege ikaima pa bwalo, ogwira ntchito pansi amatsekera matayala ake ndi zidutswa zolemera za mphira, monga momwe wothandiza pa lole amaponyera mwala kuseri kwa tayala galimoto ikaima pachitunda, ndipo nthawi ya ulendo imawerengedwa kuyambira pomwe zidutswazi zachotsedwa pa bwalo lonyamukira kufikira pomwe zaikidwanso pa bwalo lofikira. Mkati mwa nthawi imeneyi muli kuliza mainjini, kuyenda pang'onopang'ono kupita kumapeto kwa msewu wothamangirapo, kudikira chilolezo chochokera pa nsanja ya oyang'anira, kuuluka kwenikweniko, ndi kuyendanso pansi ku bwalo linalo kufikira poimapo. Makampani amawonjezerapo dala mphindi zochepa kuti kachedwe kakang'ono kasasokoneze ndondomeko ya tsiku lonse, n'chifukwa chake nthawi zina ndege imanyamuka mochedwa ndi mphindi khumi koma n'kufika pa nthawi yake, popanda woyendetsa kuchita chachilendo chilichonse.

Manambala aakulu oyera olembedwa kumapeto kwa msewu wothamangirapo ndege, omwe wokhala pawindo amatha kuwaona ndege ikamakhota kuti iyambe liwiro, amafotokoza mbali ina ya nkhaniyi. Kampasi ili ndi madigiri 360, kum'mawa kuli pa 90, kumwera pa 180, kumadzulo pa 270, ndipo nambala ya msewu ndi mbali yomwe msewuwo waloza pa kampasi, atachotsa ziro wakumapeto. Msewu wa pa bwalo la Kamuzu, womwe ndi wotalika makilomita opitirira atatu, uli ndi 14 mbali imodzi ndi 32 mbali inayo, kusonyeza kuti waloza pa madigiri ngati 140, kumwera chakum'mawa, ndipo ukauyambira mbali inayo waloza pa 320, kumpoto chakumadzulo. Blantyre ali cha pa madigiri 150 kuchokera ku Lumbadzi, choncho ndege yonyamukira pa 14 imadzuka itayang'ana kale komwe ikupita. Koma ndege imanyamuka ndi kutera moyang'anizana ndi mphepo, popeza mapiko amanyamula ndege malinga ndi liwiro la mpweya wodutsa pa iwo, ndipo mphepo yochokera kutsogolo imathandiza kuti ndege idzuke isadathamange mtunda wautali pansi. Tsiku lomwe mphepo ikuchokera kumpoto, ndege imanyamukira pa 32, n'kuyamba yauluka mofulatira Blantyre kufikira itakwera mokwanira kuti itembenuke, ndipo apo mphindi zingapo zapita kale. Ku Chileka msewu waukulu ndi wa 10 ndi 28, wogona kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa, kotero ndege yochokera ku Lilongwe imayenera kukhota kuti ilunjike nawo, ndipo ikauzidwa kutera pa 28 imayamba yapitirira bwalo chakum'mawa n'kubwerera.

Chomwe chimadya nthawi kwambiri ndi kukwera ndi kutsika. Liwiro la makilomita 667 pa ola lija ndege imalipeza itafika m'mwamba, momwe mpweya ndi wopyapyala ndipo suikaniza kwambiri, koma pokwera imathamanga mocheperapo chifukwa mphamvu yambiri ya mainjini imathera pa kunyamula thupi la ndegeyo, komanso m'maiko ambiri muli lamulo loti pansi pa mafiti 10,000 ndege isapitirire ma knot 250, omwe ndi makilomita ngati 460 pa ola. Potsika, oyendetsa ndege ali ndi kawerengedwe kawo kapamtima, koti pa mafiti 1,000 aliwonse omwe ndege iyenera kutsika pamafunika mtunda wa mamailosi a panyanja atatu, kuti okwera asamve ngati akugwa ndiponso makutu asawawe. Bwalo la Chileka lili pa mafiti 2,555 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, choncho ndege yomwe yakwera kufika pa mafiti 21,000 iyenera kuyamba kutsika kukadali makilomita pafupifupi 100 kuti ifike, ndiye kuti ikadali cha ku mapiri a kumalire kuja. Tikachotsanso mtunda womwe idakwerera pochoka ku Lumbadzi, gawo loyenda mowongoka pa liwiro lonse limatsala laling'ono zedi, ndipo n'chifukwa chake ogwira ntchito m'ndege amachita kuthamanga ndi kangolo ka zakumwa, mwina wokwera asadamalize n'komwe kapu ya tiyi chizindikiro chomanga malamba chayakanso.

Masamu omwewa ndi omwe amaonetsa kuti ndege yaikulu ya Boeing 737 ilibe phindu lenileni la liwiro pa njira imeneyi. Pa maulendo aatali ndegeyi imauluka cha pa mafiti 37,000 ndi liwiro la makilomita ngati 830 pa ola, koma kuti itsike kuchokera pamenepo kufika pa Chileka ingafunike makilomita pafupifupi 190 mwa 246 aja, ndipo sipangatsale mpata wokwanira wokwerera. Imakakamizika kuuluka m'munsi, momwe mainjini ake amamwa mafuta ambiri, ndipo ngakhale titayerekeza kuti ndege zonse ziwiri zathamanga liwiro lawo lonse ulendo wonse, Boeing ingatenge mphindi 18 pomwe Q400 ingatenge 22. Mawu aja olembedwa kumbuyo kwa minibasi, oti kuthamanga si kufika, pano akugwirizana ndi masamu. Ndege zonga Q400, zokhala ndi mapulopela, zitsulo zija zozungulira kutsogolo kwa injini, ena amaziona ngati zachikale, koma pa mtunda wotere ndi zomwe zili zoyenera, chifukwa zimataya mphindi zochepa chabe kwinaku zikupulumutsa mafuta ochuluka.

Kuyerekeza ndi ulendo wa ku Johannesburg kumathandiza kuona bwino mfundoyi. Kuchokera ku Lumbadzi kukafika ku bwalo la O. R. Tambo pali makilomita pafupifupi 1,490, mtunda woposa wa ku Chileka kasanu ndi kamodzi, koma ulendo wosaima pena umatenga maola ngati awiri ndi theka, kungoposa wa ku Chileka katatu ndi pang'ono. Chifukwa chake n'choti ulendo uliwonse, waufupi kapena wautali, uli ndi mphindi 20 mpaka 30 zomwe zimathera pa kuyenda pansi, kukwera, kutsika ndi kulunjika msewu, ndipo pa ulendo wautali mphindizi zimabisala pomwe pa waufupi zimakhala theka la nthawi yonse. Ndege yochoka ku Lilongwe ikadzera ku Chileka kukatenga anthu ena popita ku Johannesburg, mtunda umangowonjezekera ndi makilomita ngati 110, koma nthawi imawonjezekera ndi ola kapena kuposerapo, popeza ndegeyo imatera kawiri, kunyamuka kawiri, ndi kuima pansi podikira okwera ndi katundu wawo. Ogula matikiti ayenera kuyang'anitsitsa ngati ulendo uli ndi poima, ndiponso kukumbukira kuti nthawi zolembedwa pa tikiti ndi za komwe ndege ikunyamukira ndi komwe ikutera, zomwe sizivuta pa Johannesburg, Lusaka ndi Harare, omwe wotchi yawo ndi imodzi ndi ya kuno, koma zimasokoneza pa Nairobi, Dar es Salaam ndi Addis Ababa, omwe ali patsogolo ndi ola limodzi.

Mphepo ya m'mwamba ndi yomwe imachititsa kuti ulendo wopita ndi wobwerera usafanane ngakhale mtunda uli umodzimodzi. Ndege imayandama mu mpweya monga bwato pa mtsinje wa Shire, ndipo mpweyawo ukamayenda ndege imayenda nawo limodzi. Tiyerekeze ndege yomwe liwiro lake lapakatikati ndi makilomita 500 pa ola, pa tsiku lomwe mphepo ya makilomita 50 pa ola ikuomba kuchokera kumwera chakum'mawa, mbali yomwe mwera umachokera. Popita ku Chileka ndegeyo iziyenda makilomita 450 pa ola poyerekeza ndi nthaka ndipo itenga mphindi 33, pomwe pobwerera iziyenda 550 ndi kutenga mphindi 27, kusiyana kwa mphindi zisanu ndi imodzi. Popita ndi pobwerera ndege siziuluka pa msinkhu umodzi, chifukwa lamulo limati zolowera chakum'mawa zizitenga masauzande a mafiti osagawika pawiri, monga 19,000 kapena 21,000, ndipo zolowera chakumadzulo zizitenga ogawika pawiri, monga 20,000, kuti ziwiri zoyenda mosemphana zisakumane.

Nyengo imachita zoposa mphepo. Kuyambira November mpaka April mitambo ikuluikulu ya mabingu imaunjikana masana, ndipo palibe woyendetsa wanzeru yemwe amalowa pakati pake, amaizungulira ngakhale zitatanthauza kuwonjezera makilomita makumi angapo. M'miyezi ya June ndi July chiperoni, kamvula kozizira kaja kobwera ndi nkhungu, komwe dzina lake lidachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, chimaphimba mapiri ozungulira Blantyre, ndipo woyendetsa akalephera kuona msewu pa msinkhu woikika ndi malamulo amayenera kukweranso, kuzungulira podikira, kapena kukatera ku bwalo lina. Pa chifukwa chimenechi ndege siinyamuka ndi mafuta a makilomita 246 okha, imanyamulanso okwanira kukafika ku bwalo lina lomwe lasankhidwiratu, kuphatikizapo ena apadera a mphindi 30 omwe sayenera kukhudzidwa pokhapokha zitavuta. Kutentha kwa mu October nako kumapyapyalitsa mpweya, makamaka ku Lumbadzi komwe kuli pamwamba mamita 1,230, kotero ndege imathamanga mtunda wotalikirapo isadadzuke ndipo imakwera mwaulesi.

Zonsezi zimasintha ulendo ndi mphindi zochepa, pomwe maola enieni amathera pansi. Wochoka mkati mwa Lilongwe ayenera kupatula mphindi ngati 40 zofikira ku Lumbadzi, ndipo zimatha kuposa apo m'nyengo ya msika wa fodya, malole akadzaza msewu pa Kanengo. Pa bwalo amayenera kufika kukadali ola lathunthu kuti aonetse tikiti, katundu akwere pa sikelo ndiponso apimidwe ndi achitetezo. Akatera ku Chileka pamapita mphindi ngati 20 akudikira chikwama, kenako mphindi 30 za pamsewu wodzera pa Kameza kulowa m'tauni. Zonse pamodzi ndi mphindi 45 za ndege zija zikukwana maola atatu ndi mphindi 15. Wapagalimoto kapena pabasi, ngakhale aime pa mageti olipirira msewu a Kalinyeke ndi Chingeni, pa malodibuloko ndi pa msika wa Lizulu pogula mbatata ndi kabichi, amafika m'maola anayi ndi theka kapena asanu. Ndege imapulumutsa ola limodzi ndi theka, mwinanso kucheperapo, ndipo kawirikawiri ndege ya pa njirayi imakhala ikuchokera kapena kupitirira ku dziko lina, moti ikachedwa kumeneko ndi ola limodzi phindu lonse limakhala ngati latha. Maulendo nawonso ndi owerengeka pa tsiku, ndipo munthu yemwe msonkhano wake watha masana koma ndege yake ndi yamadzulo amakhala pa mpando wa pa bwalo nthawi yomwe mnzake wapamsewu akuoloka kale mlatho wa Zalewa.

Izi sizichotsa ubwino wa ndege kwa wodwala yemwe sangapirire mabampu, kwa wokalumikiza ulendo wakunja, kapena kwa yemwe akufuna kufika asadatope ndi kupewa ngozi za pa M1. Koma ofuna kufupikitsa ulendo wa pakati pa mizinda iwiriyi sangapindule kanthu pogula ndege zothamanga kwambiri, popeza kumeneko kuli mphindi zinayi zokha. Phindu lili pa kusunga nthawi, kuchulukitsa maulendo pa tsiku, kufulumizitsa mizere ya pa bwalo ndi kukonza misewu yolowera ku Lumbadzi ndi ku Chileka. Wokonzekera ulendowu awonjezere maola awiri ndi theka pa nambala yolembedwa pa tikiti, ndipo akapeza yankho aliyerekeze ndi nthawi ya basi asadalipire.